Motorhome yakale yolowa madzi: ndiyambire kuti poikonza?

Wapaulendo89

Moni akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa zokonza magalimoto ogonamo, aja amati motorhome. Imene ndili nayo ndi ya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mtundu uja wokhala ndi kachipinda kogona kotulukira pamwamba pa dalaivala. Kunja kuli malata opyapyala a aluminiyamu, m'makoma muli felemu ya matabwa. Injini ikulira bwinobwino, koma galimotoyi yakhalitsa pamtetete, mvula yonse ikuthera pa iyo.

Siling'i yada mozungulira kazenera ka padenga. Pakona ya kumanzere ya kachipinda kapamwamba kaja, ukadina ndi chala khoma likulowa. Pakhomo ndi pafupi ndi bafa, ukaponda pansi pakutitimira pang'ono. M'kati monse mukununkha chuku.

Ndiyambire kuti, kudenga kapena pansi? Matabwa ofewawo ndingangowaumitsa n'kuwalimbitsa ndi guluu wolimba uja wa epoxy, kapena achoke? Momwe mwang'ambika ndimate ndi silikoni? Nanga munthu umadziwira chiyani kuti galimotoyi siyokonzekanso?

Mmisiri_wa_Matabwa

Achimwene, musagule kanthu kaye. Funso lanu lomalizalo ndilo loyamba, ndipo yankho lake lili kunsi kwa galimoto. Lowani kunsiko ndi tochi ndi hamala, mugogode chasisi yonse, makamaka pomwe pagwira masipuling'i ndi pa tizitsulo totulukira m'mbali timene tanyamula nyumbayo. Dzimbiri la pamwamba si nkhani, limapalidwa n'kupaka penti. Koma chitsulo chikamakanganuka magawomagawo, kapena hamala ikaboola, imeneyo ndi ntchito ya wowotcherera ndipo muiwerengere musanakhudze thabwa ngakhale limodzi. Nyumba yowola pa chasisi yabwino imamangidwanso. Zikawonongeka zonse ziwiri, bola mupulumutse injini, firiji ndi mazenera, zinazo muzisiye.

Chasisi ikapezeka bwino, imitsani madzi. Ilowetseni m'shedi, kapena ifunditseni lona, koma lonayo isagone padenga penipeni. Ikani matabwa pakati kuti mphepo izidutsa, apo ayi mukutsekera chinyezi momwemo. Masulani batire, zulani nthambo ya magetsi akunja, tsekani gasi n'kutulutsa silinda.

Kenaka pezani kamakina koyezera chinyezi m'matabwa, kaja ka timisomali tiwiri. Bayani khoma cham'kati pa masentimita 30 aliwonse: m'makona monse, kunsi kwa zenera lililonse, m'mphepete momwe denga lakumana ndi khoma, ndi m'munsi mwa khoma kuseri kwa makabati komwe maso safika. Nambala iliyonse ilembeni ndi pensulo pakhoma pomwepo. Kuchepera 15 peresenti ndi pouma. Pakati pa 15 ndi 20 mpofunika kupabwerera. Kupitirira 20 ndiye kuti madzi akulowa, ndipo thabwa likakhalitsa cha m'ma 25 mpaka 30 limayamba kuwola. Timisomalito tisakhudze lata kapena sikuluwu, chifukwa kamakina kadzakupatsani nambala yokwera yabodza. Komanso thabwa lomwe linawola kalekale n'kuuma limaonetsa nambala yabwino, n'chifukwa chake muyendenso ndi sikuludiraiva yosongoka. Thabwa lamoyo limakana, pamangotsala kachipsera. Lowola imalowa osakankha n'komwe, ndipo mukapotoza mumatuluka tizidutswa tofiirira tonyenyeka m'zala.

Pomwe padapo si pomwe madzi akulowera. Amatha kulowa pa sikuluwu imodzi padenga, n'kutsata felemu mita yathunthu kapena kuposa, kutsika m'kona, n'kukakhazikika pansi. Pakhomo pofewapo mwina gwero lake lili pamwamba pa chitseko, kapena pa chitsulo chachitali chomangirapo tenti ya mthunzi. Pa kachipinda kapamwamba, yambani mwakayikira timagetsi ta kutsogolo tija ndi zenera lakutsogolo ngati lilipo. Gawo limeneli lilibe chochirikiza kunsi, limagwedezeka ulendo wonse, ndipo galimoto ikamathamanga mvula imafikira pomwepo, motero zomatira zake zimang'aluka msanga kuposa kwina konse.

Tsono pa funso lanu la denga kapena pansi: madzi mumawatseka kuyambira kumwamba, koma kumanga mumayambira pansi. Makoma akhala pa pulaiwudi wapansi, denga lakhala pa makoma. Mukamata denga mwaluso, kenaka n'kunyamula khoma kuti musinthe pulaiwudi wapansi, zonse mwamata zija zing'ambika. Padenga pangotsekedwa mongoyembekezera kufikira mafelemu atatha.

Pogumula, jambulani chilichonse musanamasule, ndipo waya aliyense mum'mangirire kapepala konena komwe akupita. Makabati ambiri a magalimoto amenewa anamangidwa kuchokera kunja malata asanaikidwe. Mukaona kabati ikukana kutuluka pomwe masikuluwu ooneka mwamasula onse, osaikoka ndi mphamvu, lowetsani mpeni wa sowo ya zitsulo kuseri mudule masikuluwu obisikawo. Musachotsenso makabati onse ndi khoma la bafa nthawi imodzi, chifukwa ndizo zikugwira makoma kuti asapendame. Sendani pulaiwudi wopyapyala wam'kati mpaka mufike pouma, mupitirirenso masentimita 30. Ubweya wa galasi wotchinga kutentha uja ukanyowa ndi wotaya. Valani magolovesi, magalasi ndi chophimba mphuno cha FFP3 kapena P3. Mukapeza matailosi akale a vinyl kapena guluu wakuda kunsi kwake, musapale ndi makina, ena akale ali ndi asbestos, amene fumbi lake ndi loopsa m'mapapo.

Mukatsegula, siyani choncho feni izizungulira, ndi makina oyamwa chinyezi ngati muli nawo. Khoma lililonse lisatsekedwe nambala isanatsike kuchepera 15. Ndi nkhani ya masabata.

Za epoxy: ili ndi malo ake, koma ndi ochepa. Imathandiza pa thabwa lomwe langofewa khungu, mamilimita awiri kapena atatu, m'kati muli molimba, ndipo lauma kale. Pa thabwa lonyowa sigwira, imangotsekera madzi m'kati kuwola n'kumapitirira. Thabwa lililonse lonyamula katundu likawola lichoke. Dulani mpaka pa thabwa lamoyo, muwonjezere masentimita 10 mpaka 15. Latsopano mulilumikize modula mopendeketsa, kutalika kwa pokumanapo kukhale kasanu ndi katatu kunenepa kwa thabwalo, kutanthauza pafupifupi masentimita 30 pa thabwa la mamilimita 38. Ngati malo achepa, gunditsani nsonga ndi nsonga n'kuika thabwa lina pambali lopitirira masentimita 30 uku ndi uku, guluu wa polyurethane ndi masikuluwu. Boolani kaye musanalowetse sikuluwu, timatabwa tating'ono timeneti timang'ambika msanga. Matabwa akale otsala apakeni mankhwala a borate kuti chuku chisabwerere. Bulitchi amangoyeretsa pamwamba, salowa m'thabwa.

Zomatamata

Ndionjezerepo pa zomatira, poti ambiri amagwa pamenepa. Silikoni ayi, bambo. Pa denga la labala sagwira bwino, ndipo akayamba kusendeka madzi amalowa kunsi kwake n'kubisala momwemo. Choipitsitsa n'chakuti pomwe padapakidwa silikoni palibenso chomata, ngakhale silikoni mnzake. Ngati mwini wake wakale adapaka, muyenera kupala yense ndi chopalira cha pulasitiki, kutsuka ndi mankhwala ochotsera silikoni, n'kupukuta ndi spiriti ya isopropyl. Kuti mudziwe ngati wachokadi, dontheserani madzi: akaundana timadontho tozungulira, adakalipo.

Chimene chimatsekadi madzi pa galimoto zimenezi chili kunsi kwa chinthu chomangidwacho, pakati pa icho ndi khoma. Ndi tepi ya butyl, yofewa, yosauma, kawirikawiri yonenepa mamilimita 3 ndi yotambalala mamilimita 19. Zopakapaka za pamwamba zimangothandizira. Galimoto ya msinkhu umenewu tepi yake yauma ponseponse, ndiye kupaka zomatira mozungulira zenera n'kungodzinamiza. Mazenera onse atuluke, chitseko, tizitseko ta malo osungira katundu, timagetsi, makwerero akumbuyo, zonse.

Zenera limagwidwa ndi felemu yam'kati. Masulani masikuluwu ake munthu wina atagwira kunja, mulikankhire kunja pang'onopang'ono. Palani tepi yakale yonse pa zenera ndi pakhoma, mupukute ndi isopropyl, muone matabwa ozungulira bowolo. Tepi yatsopano iyende mzere umodzi osaduka, nsonga zake zikakumane pakati cham'munsi, ndipo osaikoka m'makona chifukwa imapyapyala pomwepo. Pa malata a mizere ngati anuwo, m'tizigwa muike kachidutswa kachiwiri. Pomanga, sinthanitsani masikuluwu, uku kamodzi uko kamodzi, mpaka tepi ifinyike kutulukira mbali zonse. Mawa lake mangitsaninso pang'ono, kenaka dulani yotulukayo ndi mpeni wa pulasitiki. Pamwamba ndi m'mbali mutha kuyendetsa kamzere ka zomatira zosayenderera, koma m'munsi musiye, ndipo timabowo totulutsira madzi pa felemu ya zenera tisatsekeke.

M'makona a galimoto muli zitsulo zazitali zokhala ndi kalamba ka pulasitiki pakati. Kokani kalambako muone masikuluwu. Ya dzimbiri ikukuuzani pomwe madzi akudutsa, yozungulira osagwira ikukuuzani kuti thabwa lakuseri latha. Zitsulozo zichoke, tepi yatsopano kunsi, masikuluwu atsopano osachita dzimbiri okulirapo pang'ono.

Denga, dziwani kaye ndi lamtundu wanji: aluminiyamu, faibagilasi, kapena labala wa EPDM, amene amasiya ufa woyera m'manja ndipo akaperepeseka amaonetsa kuda kunsi. Pa EPDM musayandikize petulo, parafini kapena thina, amatupa n'kumatuka. Pathyathyathya, mozungulira tizenera ta padenga ndi mapaipi otulutsa mpweya, pamafunika zomatira zodziyala zokha ngati za Dicor. Zimenezi pakhoma zimayenderera, ndiye pakhoma pamafunika zosayenderera. Pa aluminiyamu ndi faibagilasi chomatira cha Sikaflex 221 chimagwira bwino, koma chinthu chimene mudzafuna kumasula mtsogolo musachimate ndi guluu wamphamvu ngati Sikaflex 252, chidzatuluka ndi khoma lomwe. Mizere yaitali yolumikizira mutha kuitseka ndi tepi ngati Eternabond, bola pakhale poyera ndipo muipsinje mwamphamvu ndi kachogudubuza kaja ka rola, chifukwa guluu wake amagwira ndi kupsinja.

Ngati padenga pali makina oziziritsira, amenewo samatidwa. Akhala pa gasiketi ya siponji, ndipo amakokedwa ndi mabawuti anayi kuchokera m'kati. Gasiketi yatsopano ifinyike mpaka pafupifupi theka, osapitirira. Mukaona madzi akudikha mozungulira makinawo, ndiye kuti mitanda ya denga yagonja ndi kulemera, ndipo gasiketi yokha sithetsa vuto.

Siling'i yakudayo ikundipatsa maganizo oti matabwa a denga nawo akhudzidwa. Musayende padenga popanda kuyala pulaiwudi wopondapo. Penti wa padenga uja amagulitsa m'zidebe sachiritsa thabwa lowola, amangolibisa. Mukasintha mitanda, idulidwe yokwererapo pakati kuti madzi azitsikira m'mbali. Mukayala labala watsopano, mitu ya masikuluwu imire m'thabwa, mizere yolumikizira isalazidwe, fumbi lichoke lonse, chifukwa kanthu kalikonse kotsala kunsi kadzaboola. Guluu wa madzi apakidwe ndi rola theka limodzi la denga kaye, labala agonekedwe guluu akadali wonyowa, musese ndi tsache lofewa kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya utuluke.

Sikelo_Kaye

A Mmisiri anena zoona pa epoxy. Ine ndichenjeze pa kusankha matabwa, chifukwa munthu akaona kuwola amafuna kumanga cholimba kuposa chakale, ndiye amalakwitsa pawiri.

Poyamba kulemera. Pachitseko kapena pafupi ndi mpando wa dalaivala pali kachitsulo kolembedwa kulemera komwe galimoto siyenera kupyola, ndi komwe ekiselo iliyonse inganyamule. Motorhome zambiri zinatuluka kufakitale zitatsala pang'ono kufika pamalirewo. Pulaiwudi mmodzi wa mamilimita 18, wa 1220 kwa 2440, amalemera cha m'ma kilogalamu 30, pomwe wa mamilimita 3 ndi cha m'ma 5 basi. Mukakuta makoma ndi siling'i ndi pulaiwudi wonenepa kapena matabwa okongoletsa, mudzapeza mwadya malo a madzi, katundu ndi anthu, ndipo kulemera kwakwera m'mwamba, galimoto n'kumayepa pokhota. Bwezerani kunenepa komwe kunalipo. Kaipimitseni pa sikelo ya magalimoto musanayambe, mudzaipimitsenso mukamaliza.

Chachiwiri, matabwa obiriwira onyikidwa m'mankhwala aja musawagunditse ndi aluminiyamu. Mankhwala ake ali ndi kopa, ndipo pakakhala chinyezi amadya lata n'kuliboola timabowo, amadyanso masikuluwu wamba. Gwiritsani paini wouma bwino wopanda mfundo zikuluzikulu, mum'pake borate. Pulaiwudi akhale wa guluu wosasungunuka ndi madzi. Wa maboti wa muyezo wa BS 1088 ndi wabwino kwambiri pansi ndi pa kachipinda kapamwamba, ngakhale wakunja wamba amakwana ngati m'mphepete mwake mwatsekedwa bwino.

M'malo mwa ubweya wa galasi ikani mabolodi a polystyrene olimba aja, odulidwa mothina pakati pa mafelemu. Samwa madzi ngati ubweya. Koma guluu wonunkha thina ndi resin ya polyester zimawasungunula, ndiye gwiritsani polyurethane kapena epoxy. Thovu lopopera la m'zitini lisadzazidwe m'khoma lonse: likamafufuma limatukumula lata lopyapyala, limakwirira mawaya, ndipo tsiku lodzakonzanso mudzalira nalo.

Kwa ena owerenga omwe makoma awo ndi a faibagilasi yosalala, nkhani ndi ina. Amenewo ndi magawo omatikizidwa, ndipo madzi akalowa kunja kumatupa matuza. Kupopera epoxy m'thuza n'kupana ndi matabwa kumatheka pokhapokha pulaiwudi wakuseri ali wouma ndi wamoyo. Akasanduka zinyenyeswa palibe pomwe guluu agwire.

Wapaulendo89

Zikomo kwambiri nonse. Chasisi ili ndi dzimbiri la pamwamba lokha. Makoma ambiri akuonetsa 13 mpaka 16, koma pakhomo 28, ndipo pakona ya kachipinda kapamwamba matabwa akunyenyeka m'manja. Pansi si pulaiwudi, ndi bolodi lija la tizibenthu tomatikiza, ndipo kuwola kwalowa kunsi kwa khoma pa mtunda wa mita imodzi ndi theka. Ndisintha bwanji pamenepa khoma lili chiimire?

Mmisiri_wa_Matabwa

Zimatheka, koma galimoto iyambe yakhala pa levulo. Ichirikizeni pa chasisi ndi zoimikira zachitsulo zinayi kapena zisanu ndi chimodzi kuti isagwedere pa masipuling'i. Mukamanga ili chopendama, idzakhala yopendama mpaka kalekale, chitseko osatsekeka. Yezani bowo la chitseko kuchokera pakona kupita pakona inzake mopingasa, mbali zonse ziwiri, mulembe. Manambala amenewo ndiwo adzakuuzani ngati khoma lasuntha.

M'kati, ikani thabwa lalitali lolimba kunsi kwa siling'i motsata khoma, lodutsa mitanda ingapo ya denga. Lichirikizeni ndi mizati iwiri yokhala pa majeke, ndipo majekewo aponde pomwe kunsi kwake kuli chitsulo cha chasisi, pa thabwa lotambalala. Masulani kapena dulani mabawuti ndi masikuluwu omwe agwira khoma ku bolodi lapansi. Kwezani pang'onopang'ono, mamilimita 5 mpaka 10 basi, kungoti khoma lileke kutsamira. Mukamva kulira kwa malata kapena kuona kabati ikusiyana ndi siling'i, imani.

Musachotse mita imodzi ndi theka yonseyo kamodzi, igaweni pawiri. Musanadule, suzumirani kunsi muone pomwe padutsa mapaipi a gasi, mawaya ndi mathanki, ndipo mano a sowo yozungulira atuluke molingana ndi kunenepa kwa bolodi, osapitirira. Dulani motsata pakati pa chitsulo kapena mtanda wakunsi kuti chakale ndi chatsopano zonse zipeze pokhala. Pomwe palibe mtanda, ikani kunsi kachidutswa ka pulaiwudi kotambalala masentimita 10 mpaka 15, guluu ndi masikuluwu pa masentimita 10 aliwonse mbali zonse. Chotsalira kunsi kwa khoma muchichotse ndi chizulo.

Bolodi la tizibenthulo likanyowa limatupa ndipo silibwereranso, ndiye paliponse pomwe latupa ngakhale pauma, pachoke. Bwezerani pulaiwudi wonenepa mofanana. Musanam'lowetse, m'mphepete mwake monse mupake epoxy kawiri, chifukwa madzi amalowera m'mphepete, ndipo kunsi kwake mupakenso. Mabowo a mabawuti nawo apakidwe m'kati. Thabwa lam'munsi mwa khoma, lomwe mizati ya felemu yaimapo, mosakayika lawolanso, lisintheni nthawi yomweyo. Mukatsitsa majeke, yezaninso chitseko musanamange mabawuti. Mabawutiwo akhale ndi mawashala otambalala kuti asamire m'thabwa.

Kachipinda kapamwamba ndi ntchito yochokera kunja. Chirikizani mphuno yake ndi mizati iwiri yochokera pansi, muikweze mpaka ibwerere pamzere wake, chifukwa nthawi zambiri imakhala itagwera kutsogolo. Malata a aluminiyamu anaikidwa kuyambira kumwamba, lililonse kulowa m'mphako ya linzake lapamwamba n'kukhomedwa m'munsi ndi timawaya ta stepula, ndiye pochotsa mumayambira lam'munsi. Zulani timawayato kamodzikamodzi, lata lisapindike, mulembe nambala kuseri kwa lililonse. Matabwa akale, ngakhale owola, musawataye msanga, ndiwo muyezo wodulira atsopano, makamaka okhota a kumphuno aja. Mphamvu ya kachipindaka ili m'matabwa a m'mbali omwe alowa m'khoma lalikulu, choncho olowa m'malo mwake apitirire kumbuyo ndithu, asalumikizidwe pomwe kachipinda kayambira kutuluka. Ngati zenera lakutsogolo simulifuna kwenikweni, litsekeni kotheratu.

Volti12

Makoma akadali otsegula, ino ndi nthawi ya mawaya ndi mapaipi, mukatseka mwayi watha.

Waya aliyense wodutsa pomwe panali madzi m'sendeni kunsonga. Kopa akakhala wobiriwira kapena wakuda, dulani mpaka pomwe akuwala, ndipo ngati kuda kwapitirira sinthani yense. Gwiritsani waya wa timinga tambiri, wolimba umodzi uja amathyoka ndi kugwedezeka. Polumikiza panani ndi zolumikizira zotsekeka ndi kutentha, osangopota n'kukulunga tepi, ndipo polumikizira pasakwiriridwe m'khoma pomwe simudzafika. Pomwe waya wadutsa m'thabwa, jambulani muli ndi tepi yoyezera pambali, kuti sikuluwu ya pulaiwudi kapena ya lata isadzam'baye. Mavuto ambiri a magetsi a 12 V pa galimoto yonyowa amachokera pa waya wa nthaka womangidwa ku chasisi: masulani, palani mpaka chitsulo chiwale, mangani, pakani girisi. Fuyuzi yaikulu ikhale pafupi ndi batire. Mbali ya magetsi akunja, a 230 V kapena 120 V malinga ndi komwe galimoto inapangidwira, soketi ndi zodulira zomwe zinanyowa zisinthidwe, pakhale chodulira cha RCD (chija chimazimitsa magetsi akayamba kuthawira pansi) chogwira ntchito, ndipo wodziwa ayeze musanalumikize.

Musaiwale kuti pofewa pa bafa paja mwina si mvula. Dzazani thanki, yatsani pampu, tsekani mipope yonse. Pampu ikadzaza mapaipi iyenera kukhala chete. Ikamadzidzimuka yokha pakapita mphindi zingapo, penapake pakudontha, kapena valavu ya pampuyo ikubweza madzi. Yalani mapepala ouma kunsi kwa polumikizira paliponse, kuseri kwa chimbudzi, kunsi kwa beseni losambira ndi pa thanki yotenthetsera madzi. Beseni la pulasitiki losachirikizidwa bwino kunsi limang'aluka pa bowo lotulutsira madzi.

Gasi ndiye osachita naye zoyerekeza. Mapaipi a labala ndi regyuleta zisinthidwe zonse, zomwe zilipozo zakalamba. Regyuleta ifanane ndi zipangizo zanu: motorhome za ku Ulaya za masiku ano zimayendera mphamvu ya gasi ya 30 mbar, koma zakale zimasiyanasiyana, ndiye werengani pa chitofu ndi pa firiji. Polumikizira paliponse pakani madzi a sopo muone ngati pakuchita thovu, kenaka katswiri ayeze ndi geji. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, amatsikira pansi, n'chifukwa chake m'kabati ya silinda ndi kunsi kwa zipangizo muli mabowo otulukira kunja. Poika pulaiwudi watsopano, mabowo amenewo aboolenso pomwe analili. Ikani alamu ya gasi cham'munsi ndi ina ya carbon monoxide, mpweya wakupha wosanunkha uja. Kuseri kwa firiji mukaona ufa wachikasu kapena kumva fungo la ammonia, yatha, musaiyatse.

Mukadzayamba kugonamo, si chinyezi chonse chidzakhale chodontha. Kilogalamu imodzi ya propane ikapsa imatulutsa madzi oposa lita imodzi ndi theka mu mpweya, kuwonjezera mpweya wa anthu ogona. Tizenera topumira ta padenga tisamatidwe, ndipo matiresi a m'kachipinda kapamwamba akhale pa timatabwa tosiya mpata kunsi.

Matayala onani manambala anayi omaliza pa chizindikiro cha DOT cholembedwa m'mbali mwa tayala, chosonyeza nthawi yomwe linapangidwa: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Akapyola zaka zisanu ndi ziwiri, ngakhale mizere yake ili yakuya, ine sindingawadalire. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi galimoto ikangokhala, atsanulidwe onse.

Zomatamata

Musanaike pulaiwudi wam'kati ndi makabati, iyeseni ndi madzi mafelemu akuonekera. Wina akhale m'kati ndi tochi, wina kunja ndi paipi ya madzi oyenda mwachifatse, osati makina otsukira a mphamvu aja, amenewo amakankhira madzi ngakhale pabwino. Yambirani m'munsi, malo amodzi mphindi 5 mpaka 10, n'kumakwera: tizitseko, mazenera limodzilimodzi, makona, timagetsi, denga pomaliza. Mukayambira kudenga chilichonse chinyowa ndipo simudziwa polowera. Njira ina ndi kutseka mabowo onse, kupopera mpweya m'kati ndi feni yamphamvu yoikidwa pa kazenera ka padenga, n'kuwaza madzi a sopo kunja. Pomwe pachite thovu ndi pomwe pali mpata. Mukatero iyendetseni pa msewu wa mabampu kuti zonse zigwedezeke, muyesenso kachiwiri. Manambala a chinyezi muwalembe m'kabuku ndi malo ake, mudzayezenso malo omwewo pakatha mwezi ndi pakatha nyengo ya mvula yoyamba, ndipo zomatira za padenga muzikwera kukaziona kawiri pachaka.